Makomo olowera ku community college ku America: lanu ndi liti?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga sipuma. Mauthenga amachokera ku Ndirande, ku Area 25, ku Mzimba, enanso kwa anzathu omwe angofika kumene kuno ku America: "Achimwene, akuti kumeneko kuli makoleji otenga aliyense, ngakhale wa mapointi 38. N'zoona zimenezi?" Ndimayankha kuti eya, n'zoona, koma ndimapempha kuti tiimbirane kaye. Yankho la liwu limodzi limeneli lawonongetsa anthu ndalama zambiri, ndipo ena mwa iwo ndi abale anga enieni.

Makoleji akunenedwawo ndi ma community college. Ndi a boma, alipo pafupifupi 1,000 m'dziko muno, ndipo yakale kwambiri ndi Joliet Junior College ya ku Illinois, yomwe inayamba mu 1901. Musawafanizire kwenikweni ndi makoleji athu a ntchito zamanja a m'madera, monga Ngara ku Karonga kapena Chongoni ku Dedza. Zowotcherera, zamagetsi ndi zokonza galimoto amaphunzitsa ndithu, koma amaphunzitsanso unamwino, zowerengera ndalama, zamakompyuta, komanso zaka ziwiri zoyambirira za digiri ya kuyunivesite. Ukamaliza umalandira associate degree, yomwe kawirikawiri imakhala ya makirediti 60. Kirediti ya kuno si ija ya MSCE ayi. Ndi muyezo wa maola: phunziro lomwe mumakumana maola atatu pa mlungu kwa teremu yonse limakhala la makirediti atatu.

Kwathu tinazolowera kuti malo ku yunivesite ya boma amachita kulimbirana. Ukhale ndi makirediti sikisi kuphatikizapo Chingerezi, ulembe fomu ya NCHE, kenako udikire dzina lako, ndipo ana ambiri okhoza bwino amatsalira. Kuno mfundo yake ndi ina, khomo ndi lotsegula. Ku California, komwe kuli makoleji oterewa 116, aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo, kapena amene ali ndi satifiketi ya sekondale, angathe kulowa. Ku Ivy Tech ya ku Indiana, yomwe ili ndi nthambi ku South Bend komwe kuli Amalawi ambiri, fomu yofunsira malo ndi yaulere, ndipo umaimaliza pa intaneti madzulo amodzi. Mapointi odulira kulibe.

Nanga anthu amapwetekera pati? Koleji ikakulandira sizitanthauza kuti kalasi yomwe ukufuna yakulandiranso, ndipo mtengo womwe mnzako akulipira si womwe iwe ulipire. Anthu awiri amatha kukhala moyandikana m'kalasi imodzi, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi, wina osalipira kanthu, wina akulipira madola zikwizikwi. Chowasiyanitsa ndi mapepala awiri: la sukulu, ndi la chilolezo chokhalira m'dziko. Mapepala amenewa ndiwo amanena khomo lomwe mulowere.

Amene muli ndi green card ndi MSCE

Ili ndiye khomo lotakasuka kuposa onse, koma ndi lomwenso anthu amapunthwapo kwambiri chifukwa chothamanga.

Makoleji ambiri amaiona MSCE ngati yofanana ndi satifiketi ya sekondale ya kuno. Ena amangofuna kuiona, ena amafuna kuti iyambe yaunikidwa ndi bungwe lodziwa mapepala a maiko ena, monga WES kapena ECE, omwe ali m'gulu la NACES. Musalipire bungwe lililonse musanafunse ofesi ya koleji kuti imavomereza liti, chifukwa ntchitoyi imadya madola 100 kapena kuposerapo ndipo imatenga milungu. Kuunika kulipo kwa mitundu iwiri. Kongotsimikizira kuti pepala lanu ndi lofanana ndi lakuti n'kotsika mtengo, ndipo pa MSCE n'kokwanira. Kounika phunziro limodzilimodzi n'kokwera, koma n'kofunika kwa amene muli ndi dipuloma kapena digiri ya kwathu ndipo mukufuna kuti maphunziro ena awerengedwe, musabwereze.

Mlamu wanga atapita ndi satifiketi yake ku koleji ina, mayi wa pa ofesi anaiyang'ana kanthawi, nati masamu akuoneka kuti anali ovuta, ayambire kalasi yotsika. Mlamuyo anali ndi 2 m'masamu. Mayiyo sanali woipa mtima. Kuno nambala yaikulu ndiyo yabwino, 4.0 ndiye pamwamba, ndiye ataona 2 anaganiza kuti ndi munthu wongokhoza movutikira. Sankadziwa kuti kwathu 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 ndiye kulephera. Mlamu wangayo, ulemu wa kwathu uja, anangoti zikomo n'kutuluka. Tinabwerera tonse mawa lake ndi pepala lofotokoza magiredi a MANEB, nkhani inatha m'mphindi zisanu. Musamachite manyazi kufotokoza pepala lanu. Onetsetsaninso kuti dzina la pa satifiketi likufanana ndi la pa pasipoti, chifukwa ambiri a ife tili ndi dzina la ku sukulu ndi dzina la ku tchalitchi, ndipo kompyuta sidziwa kuti ndi munthu mmodzi.

Kenako pamabwera mayeso oonera poyambira. Si mayeso olowera, simungalephere n'kubwezedwa. Cholinga chake n'kuona ngati muyambire Chingerezi ndi masamu a koleji kapena mubwerere m'mbuyo pang'ono. Otchuka ndi ACCUPLACER, olembera pa kompyuta, pomwe mafunso amalimba kapena kufewa malinga ndi momwe mukuyankhira. Chifukwa anthu amamva kuti salephereka, amalowa osawerenga, ena atangoweruka ku ntchito ya usiku maso ali psuu. Apa m'pomwe chaka chimatayikira. Mukapeza zochepa amakuikani m'makalasi okonzekera, omwe manambala ake nthawi zambiri amakhala osafika 100, monga 050 kapena 095. Mumalipira, mumapita, mumalemba mayeso, koma makirediti ake salowa mu digiri. Munthu amene anasiya algebra zaka khumi zapitazo sikuti ndi mbuli, anangoiwala. Milungu itatu yobwereza mafunso aulere omwe ali pa intaneti ikhoza kukupulumutsani materemu awiri. Zigawo zina zinaona kuti makalasi okonzekerawa akugwetsa anthu mphwayi. Ku California lamulo la AB 705 la mu 2017 linalamula makoleji kuti aziyang'ana magiredi a ku sekondale poika ophunzira, ndipo ambiri tsopano amayambira kalasi yeniyeni ya koleji, n'kumalandira thandizo lapadera pambali. Ngati koleji yanu ikupatsani mwayi wosankha pakati pa kalasi yokonzekera ndi kalasi yeniyeni yokhala ndi thandizo, ine ndingati tengani yachiwiriyo, pokhapokha ngati Chingerezi cholemba chikukuvutani zenizeni.

Pa Chingerezi pomwepo, ena adzakulozerani ku makalasi a anthu ophunzira chilankhulochi koyamba atangomva kalankhulidwe kanu. Auzeni mwaulemu kuti munaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, ndipo mupemphe mayeso omwe onse amalemba.

Tsopano nkhani ya mtengo, yomwe ndikufuna muimvetse bwino. Koleji ya boma imayendera misonkho ya anthu a m'deralo, ndiye eni dera amalipira zochepa, alendo zambiri. Green card payokha sikupangani mwini dera. Chigawo chilichonse chili ndi nthawi yake. Ku Illinois ndi masiku 30 m'dera la kolejiyo teremu isanayambe. Ku Texas ndi miyezi 12. Ku California ndi chaka ndi tsiku limodzi. Kusiyana kwake si kwamasewera: mwini dera ku California amalipira madola 46 pa kirediti, ndiye makirediti 12 ndi madola 552 pa teremu, pomwe mlendo amawonjezera madola mazana angapo pa kirediti iliyonse. Umboni womwe amafuna ndi wa zinthu wamba, laisensi yoyendetsera galimoto ya chigawocho, pangano la lendi lokhala ndi dzina lanu, mapepala a malipiro, mapepala a msonkho. Ambiri a ife tikafika timagona kwa achibale, dzina lathu losalembedwa paliponse, ndipo chaka chimatha popanda kapepala kosonyeza kuti tinalipo. Mlungu woyamba womwewo katengeni chiphaso cha chigawo, mutsegule akaunti ku banki ndi adiresi ya pomwe mukukhala. Mukasamukira kwa achimwene ku chigawo china, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba.

Kodi ndi bwino kuyamba msanga pa mtengo wa alendo kapena kudikira? Ngati muli kwa masiku 30, palibe funso. Ngati muli kwa miyezi 12, dikirani. Chaka chimenecho gwirani ntchito, lowani makalasi aulere a akuluakulu omwe amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse, konzekerani masamu, itanitsani mapepala anu kwathu. Mtima umafuna kuuza a kumudzi kuti ndayamba sukulu, ndikudziwa, koma ngongole ya teremu imodzi ya mlendo ikhoza kulipira digiri yonse ya mwini dera.

Fomu ya FAFSA, yopemphera thandizo la ndalama za sukulu ku boma, ilembeni, ngakhale mukuganiza kuti simungapatsidwe kanthu. Ndi yaulere, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumulipire kuti akulembereni akukudyerani. Nzika, a green card ndi othawa kwawo ovomerezeka ali ndi ufulu wopempha. Thandizo lalikulu ndi Pell Grant, ndalama zosabweza, zomwe m'chaka cha 2025 mpaka 2026 zinkafika madola 7,395 kwa osowa kwambiri. Ku community college ndalama zimenezi nthawi zambiri zimakwanira fizi n'kutsalako za mabuku. Zili ndi malire ake. Zimaperekedwa kwa materemu 12 okha pa moyo wanu wonse ngati mukuphunzira mokwanira. Makalasi okonzekera aja amalipiriridwa mpaka makirediti 30 basi. Muyenera kusunga GPA (avereji ya magiredi anu onse) ya 2.0 ndi kumaliza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makalasi omwe mwalembetsa. Ndipo amene muli kale ndi digiri yoyamba, ngakhale ya ku Zomba kapena ku Bunda, Pell si yanu. M'kalata yomweyo ya thandizo amaikamonso ngongole. Muli ndi ufulu wotenga zosabweza zokha n'kukana ngongoleyo. Funsaninso za thandizo la chigawo chanu: Tennessee Reconnect, Michigan Reconnect, ndi Workforce Ready Grant ya ku Indiana ndi zina mwa zolipirira akuluakulu obwerera ku sukulu, ndipo ku Massachusetts kuyambira 2024 community college ndi yaulere kwa eni chigawo omwe alibe digiri yoyamba.

Amene MSCE mulibe

Kaya munalekezera Folomu 3, kaya Chingerezi chinakugwetsani, koleji ikhoza kukulandirani ngati mwakwana zaka 18, koma Pell nthawi zambiri simupatsidwa, ndipo maphunziro ngati unamwino sakutengani. Njira yake ndi GED, kapena HiSET m'zigawo zina, mayeso omwe amalowa m'malo mwa satifiketi ya sekondale ya kuno. GED ili ndi mayeso anayi: masamu, Chingerezi, sayansi, ndi za chikhalidwe ndi mbiri. Mumalemba limodzilimodzi pa nthawi yanu, ndipo lililonse mumakhoza ndi 145 pa 200. Mukafika 165, makoleji ambiri sakulembetsaninso mayeso oonera poyambira pa phunzirolo, choncho ndi bwino kulimbikira kupyola 145. Lomwe limavuta Amalawi si masamu kwenikweni koma la mbiri ndi kayendetsedwe ka boma la America, zinthu zomwe sitinaphunzire kwathu. Makalasi okonzekera GED ndi aulere kapena otsika mtengo kwambiri, ndipo ambiri amachitikira pa koleji pomwepo madzulo.

Chomwe chimandiwawa n'kuona munthu yemwe MSCE ali nayo akutaya miyezi isanu ndi umodzi pa GED chifukwa wina ku tchalitchi anamuuza kuti mapepala a ku Africa kuno sagwira ntchito. Amagwira. Ngakhale satifiketi inatayika kapena inadyedwa ndi chiswe m'sutikesi kumudzi, tumani wachibale ku MANEB ku Zomba akafunse kalata yotsimikizira zotsatira zanu. Safunsa anadya phula.

Kosi yaifupi kapena unamwino weniweni

Apa ndiye pomwe Amalawi ambiri timaima n'kumaganiza, chifukwa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ndi yomwe imatilandira msanga.

Kosi ya CNA, yothandizira anamwino, imatha m'milungu yochepa. Lamulo la dziko lonse limati maola asachepere 75, ndipo zigawo zambiri zimawonjezera. Zofunika polowa n'zochepa, ndipo nyumba zina zosamalira okalamba zimakulipirirani zokha ngati muvomera kuzigwirira ntchito. Ubwino wake ndi woti mwezi wachiwiri mwayamba kulandira. Koma dziwani kuti makosi aafupi ambiri alibe makirediti, sawerengedwa mu digiri, ndipo ntchito yake ndi yonyamula anthu, msana umamva. Ndi poyambira pabwino, makamaka m'chaka chodikira chija.

Unamwino weniweni, wa associate degree yokufikitsani pa mayeso a chilolezo cha unamwino otchedwa NCLEX-RN, ndi nkhani ina. Pano khomo lotsegula lija limathera. Malo ndi owerengeka chifukwa zipatala zophunzirira sizingalandire aliyense, ndiye mpikisano wake umafanana ndi wa kwathu uja. Koleji imakulandirani kaye ngati wophunzira wamba, mumatenga maphunziro oyambirira monga Anatomy and Physiology, Chingerezi, masamu, kwina ndi Microbiology, kenako mumalemba mayeso olowera, ambiri amagwiritsa ntchito TEAS, n'kufunsiranso malo kachiwiri. Amawerenga mapointi kuchokera pa magiredi a maphunziro aja ndi mayesowo. C amakhozetsa phunziro, koma pa mpikisano salowetsa munthu. Makoleji ambiri amaikanso malire pa kubwereza phunziro, ndipo ena sawerengera sayansi yomwe munaphunzira zaka zambiri zapitazo. Choncho amene akukuuzani kuti unamwino ndi zaka ziwiri sakuwerengera chaka choyambirirachi. Konzekerani zitatu.

Malangizo anga kwa ogwira ntchito mashifiti awiri: musatenge Anatomy pamodzi ndi maphunziro ena atatu. Tengani awiri, mupeze A. Ndinaona mwana wa achemwali anga akuwerenga mayina a mafupa pa timakadi m'galimoto pa nthawi yopuma, 3 koloko usiku, chipale chikugwa panja. Anali atatenga makalasi anayi kuti amalize msanga. Anakhoza onse, koma ndi C awiri, ndipo chaka chimenecho sanatengedwe. Chaka chotsatira anabwereza limodzi, anachepetsa maola a ntchito, analowa.

Mukatengedwa amafuna kufufuza mbiri yanu ku polisi, kuyeza mankhwala ozunguza bongo, ndi umboni wa katemera. Pali kanthu kena kakang'ono komwe kamatiopseza ife obadwira kwathu. Tonse tili ndi kachipsera ka BCG pa mkono, katemera wa chifuwa chachikulu yemwe ana a kuno salandira. Akakuyezani TB pobaya pakhungu, pamatha kutupa ngakhale mulibe matenda, ndipo munthu umagona osagona. Auzeni poyambirira kuti munalandira BCG, mupemphe kuyezedwa magazi, QuantiFERON kapena T-SPOT, komwe katemerayo sasokoneza. Khadi la ku sikelo ngati amayi analisunga, liitanitseni. Ngati linatayika, kuyeza kwina kwa magazi kungasonyeze ngati muli ndi chitetezo ku ena mwa matenda omwe amafuna katemerawo.

Amene muli kumudzi ndipo mukufuna visa ya sukulu

Awa ndiwo amanditumizira mauthenga ambiri, ndipo ndiwo ndimawayankha mosanyengerera.

Choyamba, mu Disembala 2025 boma la America linalengeza kuti kuyambira pa 1 Januwale 2026 likuimitsa kupereka mavisa ena, kuphatikizapo a ophunzira, kwa nzika za maiko angapo, ndipo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anali pa mndandandawo. Malamulo oterewa amasintha ndi ndale. Musanatulutse ndi tambala yomwe, funsani alangizi a EducationUSA ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe momwe zinthu zilili tsiku limenelo. Uphungu wawo ndi waulere. Koleji ikhoza kukulandirani n'kukutumizirani mapepala onse, koma visa sipereka ndi koleji.

Ngakhale khomo litatseguka, njira yake ndi yolemera. Koleji iyenera kukhala yovomerezeka kupereka fomu ya I-20, yomwe mumapemphera visa ya sukulu, ndipo sipereka musanaonetse kalata ya ku banki yosonyeza ndalama za chaka chathunthu, fizi, nyumba, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala. M'makoleji ambiri zimenezi zimapitirira madola 20,000. Pamwamba pake pali madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, ndi madola 185 ofunsira visa, omwe sabwezedwa mukakanidwa. Makoleji ena amafuna mayeso a Chingerezi monga TOEFL, IELTS kapena Duolingo, ena amakhululukira ochokera ku maiko ophunzira m'Chingerezi, ndiye funsani musanalembetse mayeso. Mukafika, mumalipira mtengo wa alendo mpaka kumaliza, ngakhale mutakhala zaka zitatu. Pell simuyandikira. Teremu iliyonse muyenera kutenga makirediti 12, ndipo mwa amenewo phunziro limodzi lokha ndilo lingakhale la pa intaneti. Ntchito yololedwa ndi ya pa koleji pokha, maola osapitirira 20 pa mlungu, ndipo ntchito zimenezi n'zochepa. Makoleji ambiri oterewa alibe malo ogona, ndipo mabasi ndi osowa m'matauni aang'ono.

Ubwino ulipo ndithu kwa amene banja lawo lingathe. Zaka ziwiri zoyambirira zimatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kupita ku yunivesite mwachindunji, makalasi ndi aang'ono, ndipo mukamaliza associate degree mumaloledwa kugwira ntchito ya zomwe mwaphunzira kwa miyezi 12, kenako miyezi 12 ina mukadzamaliza digiri yoyamba. Koma kwa mnyamata wa mapointi 38 yemwe bambo ake akuganiza zogulitsa munda kapena ng'ombe kuti apeze ndalama za chaka choyamba, poyembekeza kuti chachiwiri adzadzilipirira yekha, ndimati ayi. Ndinaonapo mathero ake. Fizi ikasowa amasiya kalasi, akasiya kalasi chilolezo chimafa, ndipo mwana wanzeru amasanduka munthu wobisala, woopa ngakhale kupita ku chipatala. Kubwereza MSCE, kapena kulowa koleji ya ntchito zamanja kudzera ku TEVETA, ku Soche, ku Lilongwe, ku Nasawa kapena ku Mzuzu, si kugonja. Pepala la kwathu likhoza kudzaunikidwa kuno m'tsogolo.

Amene munabwera ndi visa yoyendera, musalembetse sukulu ndi visa imeneyo. Lamulo limaletsa. Muyenera kupempha kusintha chilolezo kaye ndi kudikira yankho.

Ana athu, ndi makomo onyenga

Makolo amene ana anu ali ku sekondale ya kuno muli ndi mwayi womwe ambiri sitiudziwa. Mwana angathe kuyamba makalasi a koleji asanamalize sekondale. Ku Washington amati Running Start, ya ana a giredi 11 ndi 12, ndipo fizi salipira. Ku Indiana ana amatenga makirediti a Ivy Tech m'sukulu zawo zomwezo kwaulere. Ena amamaliza sekondale ali ndi associate degree m'manja. Chenjezo ndi limodzi: magiredi amenewo ndi a koleji, amamutsatira moyo wonse, ndiye musamukakamize asanakhwime. Musadabwenso ofesi ikakana kukuuzani magiredi a mwana wanu wa ku koleji ngakhale fizi mukulipira ndinu. Ndi lamulo la FERPA la mu 1974, ndipo mwanayo ayenera kusaina kuti mudziwitsidwe.

Palinso makoleji a bizinesi omwe amalengeza pa Facebook ndi pa wailesi, amakuimbirani foni kawiri pa tsiku, n'kumati mukhoza kuyamba Lolemba, mayeso kulibe, mzere kulibe. Kwa munthu yemwe wakanidwa unamwino kamodzi, mawu amenewa amakoma. Mtengo wake umakhala wokwera kangapo, ndipo makirediti ake mayunivesite ambiri sawalandira. Corinthian Colleges inatsekedwa mu 2015, ITT Technical Institute mu 2016, ophunzira zikwi zambiri anatsala ndi ngongole ndi mapepala osawafikitsa kulikonse. Si onse oipa, koma musanasaine funsani yunivesite ya boma yapafupi ngati imalandira makirediti awo.

Funso lomwelo la makirediti lifunseni ngakhale ku community college, tsiku loyamba. Associate degree ilipo ya mitundu ingapo: digiri za AA ndi AS anazikonzera opitiriza ku yunivesite. AAS ndi yopita nayo ku ntchito, ndipo makirediti ake ena satsagana nanu. Ku California amene wamaliza Associate Degree for Transfer amatsimikiziridwa malo m'mayunivesite a California State University, ngakhale si pa nthambi yomwe iye akufuna nthawi zonse, ndipo nthambi zisanu ndi imodzi za University of California zili ndi pangano lotsimikizira malo lotchedwa TAG, koma Berkeley, Los Angeles ndi San Diego mulibe. Ngati cholinga chanu ndi digiri ya zaka zinayi, muuzeni mlangizi dzina la yunivesite ndi phunziro lake, akulembereni mndandanda wa makalasi, musunge pepalalo.

Teremu yaikulu imayamba mu Ogasiti, ina mu Januwale, koma kulembetsa makalasi kumatsegulidwa miyezi ingapo m'mbuyo. Pitani ku ofesi nokha mu Meyi kapena Juni, mutanyamula pasipoti, green card, satifiketi ndi pangano la lendi m'fayilo imodzi. Mukapita mu Ogasiti mupeza mzere wafika panja, ndipo makalasi a Anatomy a madzulo ndi a Loweruka, omwe ife ogwira ntchito timawafuna, anadzaza kale. Mukalembetsa, lembani pa kalendala ya kukhitchini masiku awiri: lomaliza kusiya kalasi n'kubwezeredwa ndalama, lomwe limafika mlungu woyamba kapena wachiwiri, ndi lomaliza kusiya n'kulembedwa W (wasiya) m'malo mwa F (walephera). Maliro akagwa kumudzi pakati pa teremu ndipo muyenera kukwera ndege, musangochoka. Lemberani aphunzitsi ndi ofesi ya thandizo la ndalama musananyamuke, chifukwa wongosowa m'kalasi amalembedwa F, ndipo gawo lina la Pell amauzidwa kuti abweze.